Filimu ya ngwazi yoonera pakhomo: Black Panther, Batman, Superman kapena ya ku Wimbe?

Mafilimu a ngwazi zouluka m'mwamba ndi zogumula makoma ndi chibakera achuluka kwambiri, moti ukafika kwa anyamata oika mafilimu m'mafoni pa Kasungu boma, pa Chinkhoma kapena pa Santhe, umangoona mayina ali ndandanda osadziwa kuti uyambire pati. Amene ali pakompyuta adzakuuzani kuti onse ndi okoma, poti iye chake n'kudzaza memore khadi. Koma usiku ndi umodzi, batire la sola lili ndi polekezera, ndipo pamkeka pamakhala anthu a misinkhu yosiyana: ana a pulayimale, anyamata a sekondale, amayi amene aweruka kudimba atatopa, mwinanso apongozi amene abwera kudzacheza. Filimu imene inagwedeza maholo akuluakulu a ku London kapena ku Johannesburg ikhoza kugonetsa anthu pa TV yaing'ono ya pabalaza pathu. Apa ndikuyerekeza ena mwa mafilimu amene ndaonera posachedwa, atsopano ndi akale amene akuyendabe m'mafoni mwa anthu.

Pali mafunso amene ndimayamba ndadzifunsa. Kodi nkhani yake imamveka payokha, kapena mpaka munthu akhale ataonera mafilimu ena khumi am'mbuyo? Kodi zithunzi zake zimaoneka pa sikirini yaing'ono, kapena ndi mdima wokhawokha? Nanga ndingaonere ndi ndani osachita manyazi? Koma funso limene limandilemera kuposa onsewa ndi ili: mwini filimuyo ali ndi kwawo? Ali ndi amayi ake, mlongo wake, manda a makolo ake, munthu amene akamukalipira iye amangoweramitsa mutu? Ndaona kuti ngwazi ikakhala ndi abale, ngakhale agogo osadziwa Chingerezi amaitsatira nkhani mpaka kumapeto. Ikakhala yopanda abale, otsala m'maso ndi anyamata okha, kudikira ndewu. Ndichenjezeretu kuti malo ena ndiulula mmene nkhani zimayendera.

Ndiyamba ndi Black Panther ya 2018, imene anaitsogolera Ryan Coogler, chifukwa ndi imene ndimayezera ena onse. Ndi ya maola awiri ndi mphindi 14, ndipo simufunika kudziwa chilichonse cha mafilimu ena a kampani imene inaipanga, ya Marvel, kuti muimve. T'Challa, amene mbali yake anaisewera malemu Chadwick Boseman, akubwerera kwawo ku Wakanda, dziko lopeka la mu Africa, bambo ake atamwalira kuti akalowe ufumu. Mwambo wachitika, mafuko avomereza, zonse zikuoneka ngati zayenda. Kenako akutulukira munthu wochokera ku America, Killmonger, atanyamula mphete ya banja lachifumu. Si mlendo ayi. Ndi mwana wa N'Jobu, mng'ono wake wa mfumu yomwalirayo. Mu 1992 ku Oakland mfumuyo inapha mng'ono wakeyo, n'kusiya mwana komweko wopanda womulera, n'kubwerera kumudzi n'kukhala chete.

Aliyense amene anakhalapo pabwalo tsiku limene mbumba ziwiri zikulimbirana ufumu safuna womumasulira zimenezi. N'zoona kuti ku Wakanda ufumu umatsata kuchimuna monga achitira Angoni a ku Mzimba, pomwe ife Achewa timayang'ana kwa mwana wa mlongo. Koma mlandu wake ndi womwe uja: akuluakulu anabisa chinthu, mwana anatayidwa kutali, ndipo wabwera atakula, mtima uli bii, kudzafunsa malo ake. Ndi mabanja angati kuno amene ali ndi magazi awo ku Zimbabwe kapena ku Joni, ana a amalume amene anapita kumigodi ndi m'mafamu osabwerako, ndipo palibe amene ananyamuka kukawatenga? Michael B. Jordan anamusewera Killmonger mwa njira yoti umamuopa koma sunganene kuti akunama. Akufunsa kuti dziko lolemera chonchi, lokhala ndi chitsulo cha vibranium ndi zipatala zochiza mabala amene kwina amapha munthu, linakhala bwanji phee pamene anthu akuda anzawo ankagulitsidwa ndi kuzunzidwa? Chimene amalakwa ndi njira yake. Atangokhala pampando akulamula kuti atenthe munda wonse wa zitsamba zopatsa mfumu mphamvu, kuti pambuyo pake pasadzakhalenso wina, ndipo akufuna kutumiza zida padziko lonse. Malo amene amandigwira mtima kwambiri si ndewu ya pamathithi, koma pamene T'Challa akumana ndi mizimu ya makolo ake n'kuwauza bambo ake pamaso kuti analakwa kusiya mwana uja. Mwana kudzudzula kholo lake lomwalira, mosatukwana koma mosabisa mawu, ndi chinthu chosowa m'mafilimu a mtundu uwu.

Palinso zina zimene zimaibweretsa pafupi ndi ife. Chiyankhulo cha ku Wakanda ndi Chixhosa cha ku South Africa, moti amene anakagwirako ntchito ku Cape Town amatolako mawu ena. John Kani, amene ndi mfumu yomwalirayo, ndi wa komweko. Lupita Nyong'o anakulira ku Kenya, Danai Gurira ku Harare. Mabulangete amene asilikali a m'malire amafunda ndi a ku Lesotho, ndipo mawu oimba amene amamveka ndege ikamalowa mu Wakanda ndi a Baaba Maal wa ku Senegal. Ambiri sadziwa kuti mmodzi mwa akuluakulu a pabwalo la mfumu, mayi woimira fuko la okumba migodi, ndi Connie Chiume, wobadwira ku South Africa koma bambo ake anali Mmalawi wa ku Usisya ku Nkhata Bay. Mayiyu anamwalira mu 2024. Filimuyi inapata mphoto zitatu za Oscar, imodzi mwa izo ya zovala, ndipo inapeza ndalama zoposa madola 1.3 biliyoni.

Zofooka zilipo. Ndewu yomaliza ya m'mgodi, ya anthu awiri ovala zofanana mumdima, inapangidwa pakompyuta ndipo imachita kuonekeratu. Pa foni simudziwa amene akumenya mnzake. Sindinakondenso kuti kazitape wa CIA, bungwe la akazitape la boma la America, ndiye anapatsidwa mbali ya bwenzi lothandiza m'filimu imene ikukamba za mmene Africa anadyeredwa masuku pamutu. Komabe ngati pakhomo pali anthu a misinkhu yonse ndipo mukufuna imodzi yokha, tengani iyi.

Yotsatira yake, Wakanda Forever ya 2022, ndi nkhani ina. Boseman anamwalira mu Ogasiti 2020 ndi khansa ya m'matumbo ali ndi zaka 43, ndipo opanga filimu sanafune kuika munthu wina m'malo mwake. Choncho filimu ikuyamba ndi maliro a T'Challa, ndipo ukamaona nkhope za osewerawo umadziwa kuti akulira mnzawo weniweni. Angela Bassett, mayi wa mfumu, wasenza theka loyamba pafupifupi yekha. Shuri, mlongo wa malemuyo, akukana mwambo wotentha zovala za maliro, akubisala m'ntchito kuti asalire. Zimenezi n'zamphamvu. Vuto ndi kutalika, maola awiri ndi mphindi 41, komanso tinkhani tina toonjezera timene anatilowetsamo pofuna kukonzera njira mafilimu am'tsogolo. Zochitika za pansi pa nyanja, kwa Namor ndi anthu ake a ku Talokan, n'zamdima moti TV yaing'ono imangoonetsa zithunzithunzi. Iyi ndi ya anthu amene anaikonda yoyamba ija, si yoyambira.

Anyamata ambiri adzakukakamizani Avengers, ndiye kuti Infinity War ya 2018 ndi Endgame ya 2019. Kunena za kukula, palibe wotsutsa: ngwazi zonse zili momwemo, nkhondo ina ikumenyedwera ku Wakanda komwe kuja, ndipo Endgame inapeza pafupifupi madola 2.8 biliyoni. Koma Endgame ndi filimu ya nambala 22 pamndandanda umene unayamba ndi Iron Man mu 2008, ndipo ziwirizi pamodzi ndi maola asanu ndi theka. Amene anatsatira kuyambira pachiyambi amagwetsa misozi Tony Stark, amene ndi Iron Man uja, akamafa. Amene wayamba lero amangofunsa kuti wanyundoyu ndi ndani, nanga wobiriwirayu wachokera kuti. Zimakhala ngati wafika pa perekaniperekani wa ukwati wa anthu osawadziwa: chisangalalo ukuchiona, koma sukudziwa chifukwa chake holo yonse yaimirira atatchula dzina lakuti. Pamene Black Panther imakulandirani ngakhale muli mlendo, Avengers imafuna kuti mukhale wam'banjamo kale.

Pali chinanso chimene chimandivuta m'mafilimu awiriwa. Mdani wake, Thanos, akuti chakudya ndi chuma sizikukwanira, ndiye mankhwala ake n'kupha theka la zamoyo zonse. Ndamvapo achinyamata akunena kuti mkuluyu anali ndi mfundo. Ine ndimakanitsitsa. Kasungu inaiona njala ya 2002, ndipo anthu sanafe chifukwa choti analipo ambiri. Mvula inavuta, chimanga cha m'nkhokwe za boma chinali chitagulitsidwa, mtengo unakwera kufika poti wosauka sakanaufikira. Njala imakhala ndi amene aibweretsa ndi amene apindula nayo. Mafilimuwa samuyankha Thanos mokwanira. Ngwazi zimalimbikira kumumenya kuposa kuonetsa kuti maganizo ake ndi abodza. Mukaonera ndi ana a sekondale, musagone musanakambirane zimenezi.

Tsopano awiri amene anthu amakonda kuwalimbanitsa, Batman ndi Superman. The Batman ya 2022, ya Matt Reeves, mwini filimu ndi Robert Pattinson. Iyi kwenikweni ndi ya kufufuza milandu, ndewu n'zongoperekeza. Chigawenga chotchedwa Riddler chikupha akuluakulu a mzinda wa Gotham mmodzimmodzi, meya, mkulu wa apolisi, mkulu woimira boma pamilandu, ndipo pamtembo uliwonse chikusiya ndagi yoti Batman amasule. Pang'onopang'ono zikuululika kuti thumba la ndalama limene bambo ake a Batman anakhazikitsa kuti litukule mzinda, n'kuthandizanso ana amasiye, linagawanidwa ndi andale, apolisi ndi mbava iwo atangophedwa. Riddler mwini wake anakulira m'nyumba ya ana amasiye imene inaiwalidwa ndalamazo zitadyedwa. Ndi mwana wotayidwa winanso, ngati Killmonger, ndipo nayenso akunena zoona koma akubwezera mwankhanza. Kwa ife amene tinamva za Cashgate mu 2013, ndalama za anthu kuthera m'matumba a ochepa si nthano, ndipo n'chifukwa chake filimuyi ndimaipatsa ulemu.

Koma taganizani za pamene muionere. Ndi ya maola atatu kuchotsapo mphindi zinayi, pafupifupi yonse ndi usiku ndi mvula, ndipo anthu ake amayankhula chapansipansi. Pa foni masana simuona kanthu. Imafuna chipinda chamdima, sipika yomveka bwino, Chingerezi chakupsa ndi anthu akuluakulu awiri kapena atatu amene sanatope. Ana asakhalepo, chifukwa mmene Riddler amaphera anthu zimatsalira m'mutu.

Superman ya 2025, ya James Gunn, ndi yosiyana kotheratu. Ndi yowala, ya mitundu yoonekera bwino ngakhale pa sikirini yaing'ono, ndipo imatha m'maola awiri ndi mphindi zochepa. Ikuyamba Superman, amene ndi David Corenswet, atagonja kale, ali thapsa pa chipale chofewa, akuimbira likhweru galu wotchedwa Krypto kuti amukokere kunyumba. Galu ameneyu, wosamva ndi wopulupudza, ana amamukonda kuposa mwini filimu. Mlandu wa Superman ndi wakuti waletsa dziko lamphamvu kulanda dziko laling'ono loyandikana nalo, osapempha chilolezo ku boma lililonse. Lex Luthor, mpondamatiki wodana naye, akugwiritsa ntchito ma TV ndi masamba a mchezo kumuipitsira mbiri kuti ndi mlendo woopsa, ndipo akutulutsa uthenga wa makolo ake omubereka woonetsa kuti anamutumiza padziko kudzalamulira, osati kudzathandiza. Atasweka mtima, akukapezeka kufamu ya ku Kansas, kwa alimi awiri okalamba amene anamutola ali khanda n'kumulera. Kucheza kwake ndi bambo womulerayo panja pa nyumba ndiko kumene kunandigwira. Amene analeredwa ndi azakhali, agogo kapena anthu ena achifundo amamva bwino funso limeneli, loti munthu ndi wa amene anamubereka kapena wa amene anamulera. Edi Gathegi, wobadwira ku Kenya, nayenso wasewera bwino kwambiri ngati ngwazi ina yotchedwa Mister Terrific.

Zolakwika zake n'zakuti ngwazi zina zimangotulukira popanda wozifotokoza, ndipo pakatikati nkhani imasochera m'kadziko kena kopangidwa pakompyuta komwe munthu umaiwala kuti tikulowera kuti. Pali malo amodzinso pamene Luthor akuwombera munthu wosalakwa pamaso pa Superman, ndipo ana aang'ono ndi bwino kuwatembenuza nkhope. Mukandifunsa kuti yopangidwa mwaluso ndi iti, ndinena The Batman. Mukandifunsa yoika Loweruka madzulo banja lonse lili pabalaza, ndinena Superman mosazengereza.

Ya ana yeniyeni, kwa ine, ndi Spider-Man: Into the Spider-Verse ya 2018. Akuluakulu ena akangoona kuti ndi makatuni amadzuka, koma amadzimana. Miles Morales ndi mnyamata wakuda wa ku Brooklyn, bambo ake ndi wapolisi, mayi ake amagwira ntchito kuchipatala, ndipo amutumiza kusukulu yogonera komweko imene iye sakuifuna. Munthu amene amamasuka naye ndi Aaron, mbale wa bambo ake, amene pambuyo pake akupezeka kuti amagwirira ntchito zigawenga. Pali pamene bamboyo waima kunja kwa chitseko cha chipinda cha mwana wake kusukulu, akuyankhula, mwana ali mkati sangathe kuyankha. Kholo lililonse limene linalimbanapo ndi mwana wa zaka 14 lidzadziona pamenepo. Filimuyi inapata Oscar ya makatuni, siifika maola awiri, ndipo pa foni imaoneka bwino kuposa onse amene ndatchula. Yachiwiri yake, Across the Spider-Verse ya 2023, ndi yokongola kuposa apa koma imathera panjira, nkhani ili pakati, ndiye auzenitu ana kuti adzadikira gawo lachitatu. No Way Home ya 2021, ya anthu enieni, imakoma kwambiri kwa amene anaonera Tobey Maguire ali Spider-Man m'mavidiyo sho kalekale, chifukwa iye ndi Andrew Garfield, amenenso anakhalapo Spider-Man, akubwerera kudzathandiza Tom Holland, Spider-Man wa m'filimuyi. Kwa ena chisangalalo chimenecho sichiwafika.

Awiri otsatirawa ndi a akuluakulu okhaokha, ndipo onse muli Hugh Jackman ngati Wolverine, koma kusiyana kwake n'kwakukulu. Deadpool & Wolverine ya 2024 ndi magazi, kutukwana ndi nthabwala zosatha. Zambiri mwa nthabwalazo n'zokhudza makampani a mafilimu a ku America, monga mmene Disney inagulira Fox mu 2019, ndiye amene satsatira zimenezo amatsala ndi zotukwana zokha. Si yoika pali apongozi, si yoika pali ana, ndipo ine sindinapezemo choti n'kutsala nacho. Logan ya 2017 ndiye ina. Nkhani ili mu 2029, Wolverine wakalamba, mabala sakupolanso msanga, akuyendetsa galimoto ya hayala kufupi ndi malire a Mexico kuti apeze ndalama yogulira mankhwala a Charles Xavier, mphunzitsi wake wakale amene tsopano ndi nkhalamba yodwala mutu. Amamunyamula, amamupititsa kuchimbudzi, amakangana naye pa zomwa mankhwala. Kenako akumutulira kamtsikana, Laura, kamene kali ndi magazi ake, kuti akaperekeze. Amene anadwazikapo kholo kwa nthawi yaitali, kutopa mpaka kukwiya, kenako n'kudzimvera chisoni chifukwa chokwiyacho, adzaona kuti opanga filimuyi ankadziwa chimene akunena. Ndewu zake n'zoopsa, mitu ndi manja zimaduka poonekera, choncho dikirani ana agone. Pa onse a ku America amene ndatchula, iyi ndi Black Panther ndi amene ndimabwereza.

Nkhani ina yofunika kusankha ndi yakuti mutenge yomasuliridwa m'Chichewa ndi ma DJ kapena ya Chingerezi chake. Anyamata omasulirawa athandiza kwambiri, chifukwa popanda iwo anthu ambiri bwenzi akungoona zithunzi. Pa Avengers, pa Superman, ngakhale pa Black Panther, womasulira waluso amakuuzani kuti uyu ndi ndani, akudana chifukwa chiyani, n'kuthirapo nthabwala zakwathu, ndipo pabalaza pamakhala kuseka. Koma pa Logan ndi pa maliro a mu Wakanda Forever nthabwala zimaononga, chifukwa malo amene filimu ikufuna kuti mukhale chete ndi pamene wina akukuseketsani. Pa The Batman ndagi zija zimadalira mawu a Chingerezi, ndipo zikasokonekera nkhani yonse imatayika. Pamenepo ndi bwino ya Chingerezi yokhala ndi mawu olembedwa m'munsi. Musanalipire, pemphani akutsegulireni pakati pa filimu kuti muone ngati si ija yojambulidwa ndi kamera m'holo, ya mitu ya anthu yodutsa kutsogolo ndi mawu omveka ngati ali m'mgolo. Mafilimu ongotuluka kumene ndi amene amakonda kubwera otero.

Si ku America kokha kumene kuli ngwazi. Kwa anansi athu ku Zambia kunachokera Supa Team 4, makatuni a magawomagawo amene anayamba kuonetsedwa pa Netflix mu 2023. Anawayambitsa ndi Malenga Mulendema, ndipo ndi nkhani ya atsikana anayi a sukulu amene amapulumutsa mzinda wa Lusaka. Kwa ana aakazi amene azolowera kuona amuna okhaokha akuuluka, iyi ndi mphatso, ndipo magawo ake ndi aafupi, osadya bandulo yambiri. Koma imene ndikufuna kuti aliyense aifunefune ndi Supa Modo ya 2018, ya ku Kenya, imene anaitsogolera Likarion Wainaina. Ndi ya mphindi 74 zokha. Jo ndi kamtsikana ka zaka zisanu ndi zinayi kodwala matenda osachiritsika, kokonda mafilimu a ngwazi. Mayi ake akukachotsa kuchipatala kuti kakakhale kunyumba masiku otsalawo. Mkulu wake, Mwix, akunyengerera mudzi wonse kuti uzichita ngati Jo alidi ndi mphamvu zodabwitsa, ndipo kenako anthu akusonkhana kuti apange filimu yake, iye ali mwini filimu. Mulibe nyumba zogumuka, mulibe ndege. Muli msika, fumbi, mayi woumira mtima chifukwa cha mantha, ndi mudzi umene ukuoneka ngati wathu. Mukailinganiza ndi Endgame, imene inadya ndalama zosawerengeka, mudzadabwa kuti yaing'onoyi ndi imene imakusiyani mukupukuta m'maso. Opanga mafilimu otere sakhala ndi chuma cha Marvel, ndiye ngati pali njira yoionera molipira, ndi bwino kutero.

Yotsala ndi ya pakhomo penipeni. The Boy Who Harnessed the Wind ya 2019 si filimu ya ngwazi zouluka, koma ndaiika dala, chifukwa ana akamafunsa ngati kwathu kuno kunachokerapo mwini filimu, yankho lili ku Wimbe. William Kamkwamba wa m'mudzi wa Masitala anasiya sukulu ya sekondale ya Kachokolo chifukwa chosowa fizi m'nthawi ya njala ija. Ankapita kulaibulale yaing'ono, anapeza buku la Using Energy lokhala ndi chithunzi cha makina oyendera mphepo, ndipo ali ndi zaka 14 anapanga ake ndi mitengo ya bulugamu, mapaipi a pulasitiki, fani ya thirakitala ndi njinga ya bambo ake. Mu 2007 anakayankhula ku Arusha ku Tanzania pamsonkhano wa TED, kumene anthu amafotokoza nzeru zatsopano, mu 2009 buku lake lolemba ndi Bryan Mealer linatuluka, ndipo mu 2014 anamaliza maphunziro ku Dartmouth College ku America. Chiwetel Ejiofor ndiye anatsogolera filimuyi n'kuseweranso mbali ya bambo Trywell Kamkwamba. Anaijambula konkuno, ndipo mbali yaikulu anthu akuyankhula Chichewa.

Pa mafunso anga aja imakhoza onse. Imamveka payokha, ndi yowala, siifika maola awiri, ndipo mwini filimu ali ndi bambo, mayi, mlongo, galu wake Khamba ndi mudzi wonse. Mkangano wa William ndi bambo ake pa njinga ija, bambo akukana kuti chuma chawo chomaliza chidulidwe chifukwa cha maloto a mwana, ndi wolemera kuposa ndewu iliyonse ya Thanos, chifukwa onse awiri ali ndi mfundo. Muli Gule Wamkulu, muli nkhani ya kugulitsa mitengo kwa a esiteti ya fodya, muli mzere wa anthu olimbirana chimanga, muli mfumu imene ikumenyedwa chifukwa chonena za njala pamsonkhano wa andale.

Ndili nazo zodandaula ziwiri. Choyamba ndi Chichewa chake. Maxwell Simba, amene ndi William, ndi wa ku Kenya; Ejiofor ndi wa ku Britain; Aïssa Maïga, amene ndi mayi, anabadwira ku Senegal. Anayesetsa, ndipo kuyesetsako n'kofunika kuyamikira, koma khutu la munthu wa ku Kasungu limamva kuti lilime si lathu, moti malo ena achisoni anthu amayamba kuseka katchulidwe. Lily Banda, Mmalawi amene ndi Annie, mlongo wa William, akangoyankhula umamva kusiyana kwake, n'kumalakalaka akanachuluka athu. Chachiwiri, filimu inasintha mbiri kuti ithe mokoma. Imaonetsa makina oyambawo akupopa madzi n'kupulumutsa mudzi ku njala, pomwe makina oyamba a William ankayatsa mababu ndi wailesi kunyumba kwawo, ndipo zopopa madzi zinabwera pambuyo pake. Ana ayenera kuuzidwa zimenezi, kuti asaganize kuti njala ya 2002 inatha ndi makina amodzi.

Chimodzi chofunika kusamala musanaiike. Kwa ana iyi ndi mbiri yakale, koma pabalaza pangakhale amayi kapena agogo amene anaima pamzere womwe uja, anadya gaga ndi zitsa za nthochi, ndipo ena anaika ana awo m'manda chaka chimenecho. Ena amafuna kuionera n'kufotokozera adzukulu zimene filimu yasiya. Ena safuna n'komwe kukumbutsidwa. Afunseni kaye, ndipo akakana, aikireni Superman.